Yoga ya M'chipinda Chotentha: Kodi Phindu Lake Lili mu Thukuta?

Munthu wa ku Nsanje kapena ku Ngabu mutamuuza kuti kunja kuli anthu amene amalipira ndalama kuti alowe m'chipinda chotentha madigiri 40, akhoza kuganiza kuti mukungocheza. Kwawoko kutentha kotere kumabwera kwaulere m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo dzuwa likafika paliwombo aliyense amathawira pansi pa mtengo. Komabe m'mizinda ngati Los Angeles, London ndi Johannesburg anthu amalowa mwadala m'zipinda zotenthetsedwa ndi makina, n'kukhalamo ola limodzi ndi theka akupinda ndi kuwongola thupi mpaka kamphasa kamene apondapo katanyowa ndi thukuta. Masewerawa amawatcha hot yoga.

Amene amawachita amawatamanda kwambiri. Amati amachepetsa thupi, amalimbitsa mtima, amachotsa poizoni m'magazi, ndiponso amakhazika mtima pansi. Mavidiyo ake afika kale pa mafoni athu. Ena mwa ife tidzawapeza masewerawa tikadzapita kukaphunzira kapena kukagwira ntchito kunja, ndipo amene tikuphunzira zaunamwino ndi zachipatala tsiku lina wodwala adzatifunsa ngati ali oyenera kwa iye. Safunsa anadya phula. Funso la phunziro lino ndi ili: pa zabwino zimene anthu amapeza mu hot yoga, ndi ziti zimachokera m'kutakasa thupi, ndipo ndi ziti zimachokera m'kutentha kwa chipinda?

Kumene inachokera

Yoga inayambira ku India kalekale, koma yochitira m'chipinda chotenthetsedwa ndi yaposachedwa. Amene anaitchukitsa ndi Bikram Choudhury, wobadwira mumzinda wa Calcutta, amene masiku ano umatchedwa Kolkata. Iye ankati anaphunzira kwa Bishnu Charan Ghosh, mphunzitsi wa masewera olimbitsa thupi mumzindawo. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 anasamukira ku America n'kuyamba kuphunzitsa ku California, kumene akatswiri a mafilimu ndi anthu ena otchuka anayamba kukhamukira kwa iye.

Ndondomeko yake sisintha. Kalasi imatenga mphindi 90. Chipinda chimatenthetsedwa kufika pa madigiri 40 kapena 41, ndipo chinyezi cha mumpweya chimakhala pa 40 peresenti. Ophunzira amachita mitundu 26 ya kapindidwe ka thupi pamodzi ndi njira ziwiri zokokera ndi kutulutsa mpweya, motsatana chimodzimodzi tsiku lililonse, akudziyang'ana pa galasi lalikulu. Chigawo choyamba amachita ataimirira, chachiwiri atakhala kapena atagona pansi.

Choudhury anayesa kukhala mwini wa ndondomekoyi mwalamulo kuti aliyense woiphunzitsa azimulipira, koma mu 2015 khoti la apilo ku America linagamula kuti mndandanda wa kapindidwe ka thupi sungakhale chuma cha munthu mmodzi. Mbiri yake inaipanso pamene amayi angapo anamusumira kuti anawachitira nkhanza zokhudza kugonana, zimene iye anakana. Mu 2016 khoti la ku Los Angeles linamulamula kulipira madola oposa 6 miliyoni kwa mayi amene kale anali loya wake, ndipo chaka chomwecho anachoka m'dzikomo. Malo ambiri ophunzitsira anachotsa dzina lake pa zikwangwani n'kumangolemba kuti hot yoga. Lero dzinali likutanthauza mitundu yambiri. Makalasi ena amatsata ndondomeko yakale ija, ena ndi aafupi ndipo chipinda sichitentha kwambiri.

Zimene zimachitika m'thupi

Mkati mwa thupi la munthu wathanzi mumatentha pafupifupi madigiri 37, ndipo kachigawo ka ubongo kotchedwa hypothalamus ndi kamene kamalondera kuti muyezowu usasinthe. Minofu ikamagwira ntchito imatulutsa kutentha kwambiri. Pa mphamvu zonse zimene imagwiritsa ntchito, gawo limodzi lokha mwa magawo anayi kapena asanu ndi limene limasanduka ntchito yooneka, ndipo zotsalazo zimasanduka kutentha kofunika kutayidwa kunja.

Thupi lili ndi njira ziwiri zazikulu zotayira kutenthaku. Yoyamba ndi kutumiza magazi ambiri pakhungu kuti akazizire ndi mpweya wa kunja. Njira imeneyi imathandiza ngati mpweyawo uli wozizira kuposa khungu, limene nthawi zambiri limakhala pa madigiri 33 mpaka 35. M'chipinda cha madigiri 40 zinthu zimatembenuka, mpweya ndi umene umatenthetsa khungu. Pamenepo imatsala njira imodzi yokha, thukuta.

Tonse timadziwa chifukwa chake madzi a mumtsuko wadothi amazizira ngakhale m'chilimwe. Madzi pang'ono amadutsa m'timabowo ta dothilo, ndipo akamauma kunja kwa mtsuko amachoka ndi kutentha. Thukuta limagwira ntchito chimodzimodzi. Limaziziritsa thupi pamene likuuma pakhungu, ndipo limene layenderera n'kugwera pansi latayika pachabe. Mpweya ukakhala ndi chinyezi chambiri, monga zimakhalira m'chipinda chotseka modzaza anthu otuluka thukuta, thukuta limachedwa kuuma. Thupi limapitiriza kulitulutsa, mwina lita imodzi kapena awiri pa ola, koma kuzizira kumakhala kochepa.

Nthawi yonseyi mtima uli ndi ntchito ziwiri. Ukutumiza magazi ku minofu imene ikugwira ntchito, ukutumizanso ena pakhungu. Madzi a m'magazi akamachepa chifukwa cha thukuta, mtima umagunda mofulumira kuti ntchito zonsezi zitheke. N'chifukwa chake munthu wochita hot yoga amamva mtima ukugunda ngati akuthamanga, pamene wangoima pa mwendo umodzi. Kugunda kumeneku kumapusitsa ambiri. Iwo amaganiza kuti minofu ikugwira ntchito yaikulu, chonsecho gawo lina la kugundako ndi la kulimbana ndi kutentha basi.

Thupi limazolowera. Munthu akamachita masewera pamalo otentha kwa masiku 7 mpaka 14, madzi a m'magazi amachuluka, thukuta limayamba kutuluka msanga, ndipo mchere wotayika m'thukuta umachepa. Ndiye chifukwa chake mlendo wochokera ku Dedza amavutika sabata yoyamba ku Chikwawa, pamene eni dera akulima ndi kupalasa njinga. Kuzoloweraku kumathanso pakapita milungu ingapo munthu atachoka pamalo otentha.

Zimene kafukufuku wapeza

Kafukufuku wa hot yoga si wochuluka, ndipo wambiri anachitika pa magulu ang'onoang'ono a anthu kwa milungu yowerengeka. Komabe alipo wokwanira kutipatsa chithunzi.

Tiyambe ndi minofu. Brian Tracy ndi anzake pa Colorado State University ku America anatenga achinyamata athanzi n'kuwachititsa makalasi 24 a Bikram yoga m'milungu 8. Zotsatira zimene anafalitsa mu 2013 zinaonetsa kuti msana, kumbuyo kwa ntchafu ndi mapewa zinkapindika mosavuta kuposa kale, mphamvu zonyamulira katundu kuchokera pansi zinakwera, ndipo mafuta a m'thupi anatsika pang'ono. Koma mphamvu ya mtima ndi mapapu, imene amaiyeza poona kuchuluka kwa okosijeni amene thupi lingagwiritse ntchito munthu akamathamanga mpaka kutopa, sinasinthe. Phindu la kufewa kwa thupi ndi kulimba kwa miyendo ndi lenileni, makamaka kwa ife amene timakhala pa desiki tsiku lonse. Wofuna mapapu a wothamanga mtunda wautali sawapeza m'chipindamo.

Pa nkhani yochepetsa thupi, otsatsa malonda ankati kalasi imodzi imawotcha makalori 1,000. Tracy yemweyo atayeza mu 2014 anapeza kuti pa mphindi 90 amuna ankawotcha pafupifupi makalori 460, akazi pafupifupi 330. Zimenezi zikufanana ndi kuyenda ndawala kwa nthawi yomweyo. Kilogalamu imodzi ya mafuta a m'thupi imasunga makalori pafupifupi 7,700, ndiye kuti pangafunike makalasi 17 mpaka 23 kuti ithe, ngati munthuyo sanawonjezere chakudya. Wotuluka m'kalasi akakwera pa sikelo n'kupeza kuti watsika ndi kilogalamu imodzi, chimene chachoka ndi lita imodzi ya madzi, ndipo ibwerera akangomwa.

Kafukufuku amene akuyankha funso lathu mwachindunji ndi wa Stacy Hunter ndi anzake ku Texas, wofalitsidwa mu 2018. Anatenga anthu a zaka 40 mpaka 60 amene sankachita masewera olimbitsa thupi n'kuwagawa m'magulu atatu. Gulu loyamba linkachita Bikram yoga katatu pa sabata m'chipinda cha madigiri 40.5. Lachiwiri linkachita ndondomeko yomweyo, kwa nthawi yofanana, m'chipinda cha madigiri 23. Lachitatu silinkachita kanthu. Patatha milungu 12 anayeza mmene mitsempha ya magazi imatambasukira magazi akamadutsa ambiri, chimene ndi chizindikiro chimodzi cha thanzi la mtima. Magulu awiri ochita yoga anapindula mofanana, ndipo gulu losachita kanthu silinasinthe. Kusiyana kumene kunaoneka n'kwakuti a m'chipinda chotentha mafuta awo anatsikako pang'ono. Pa nkhani ya mitsempha, chimene chinathandiza ndi kutakasa thupi katatu pa sabata mosadumphitsa.

Zotsatira zopatsa chidwi kwambiri ndi za maganizo. Mu 2023 Maren Nyer ndi anzake pa Massachusetts General Hospital ku Boston anafalitsa kafukufuku wa anthu 80 odwala matenda ovutika maganizo, aja a kukhumudwa kosatha. Theka anauzidwa kuti azipita ku hot yoga kawiri pa sabata kwa milungu 8, ndipo theka linalo linaikidwa pa mndandanda wodikira. Ngakhale kuti ambiri anangokwanitsa makalasi pafupifupi 10 m'milungu yonseyo, anthu 59 pa 100 alionse a gulu la yoga zizindikiro zawo zinatsika ndi theka kapena kuposa, pamene pa gulu lodikira anali 6 okha pa 100 alionse. Kusiyanaku n'kwakukulu. Tizindikire komabe kuti anayerekeza ndi anthu amene ankangodikira kunyumba. Opita ku yoga ankatuluka m'nyumba, ankakumana ndi anzawo, ankatakasa thupi, ankapuma mwakuya, ankatenthedwanso. Kafukufukuyu sanalekanitse zinthu zimenezi, choncho sakutiuza kuti mankhwala anali kutenthako. Wodwala matendawa asasiye mankhwala kapena uphungu wa kuchipatala chifukwa cha nkhani imeneyi.

Kodi ndiye kuti kutentha kulibe phindu lililonse? Ayi. Ku Finland, kumene anthu amakonda kukhala m'tizipinda totentha totchedwa sauna, Jari Laukkanen ndi anzake anatsatira amuna oposa 2,300 kwa zaka pafupifupi 20. Mu 2015 analengeza kuti amene ankalowa mu sauna maulendo 4 mpaka 7 pa sabata sankafa kawirikawiri ndi matenda a mtima poyerekeza ndi olowa kamodzi. Koma kafukufuku wongotsatira anthu sangatsimikize kuti sauna ndi imene inawateteza, chifukwa mwina athanzi kale ndi amene ankatha kulowa kawirikawiri. Komanso mu sauna munthu amangokhala kwa mphindi zowerengeka. Kuchita masewera kwa ola ndi theka pamalo otentha ndi katundu wina.

Kodi thukuta limachotsa poizoni?

Mawu amene amakopa anthu ambiri ndi akuti thukuta limatsuka thupi. Ganizo limeneli si lachilendo kwathu kuno. Munthu akagwidwa chimfine amafunda bulangete pamwamba pa mphika wa madzi otentha a masamba a bulugamu, ndipo thukuta likatuluka amati matenda atuluka. Nthunzi imathandizadi kutsegula mphuno kwa kanthawi, koma tizilombo toyambitsa matenda sitituluka ndi thukuta.

Pa magawo 100 a thukuta, pafupifupi 99 ndi madzi. Gawo lotsalalo ndi mchere ndi tinthu tina tochepa kwambiri. Ntchito yochotsa zoipa m'magazi ndi ya chiwindi ndi impso. Chiwindi chimaphwanya mankhwala ndi zinthu zina zovulaza kuti zithe kutuluka, ndipo impso zimasefa madzi a m'magazi okwana malita pafupifupi 180 tsiku lililonse, n'kubwezera ambiri m'thupi ndi kutaya zosafunika mumkodzo. Kuti impso zigwire ntchito bwino zimafuna madzi okwanira. Munthu wotaya malita awiri a thukuta osawabwezera akupanikiza ziwalo zomwezo zimene zimamutsuka.

Walira mvula walira matope

Mu 2015 bungwe la American Council on Exercise linathandiza kafukufuku pa University of Wisconsin–La Crosse, wotsogoleredwa ndi John Porcari. Anthu 20 athanzi, ozolowera kale Bikram yoga, anameza kachipangizo kokhala ngati piritsi koyeza kutentha kwa m'kati mwa thupi, kenako analowa m'kalasi. Kutentha kwawo kunkakwerabe mpaka kumapeto. Anthu 7 anapitirira madigiri 39.4, ndipo mmodzi anafika pa madigiri 40. Palibe amene anadwala tsikulo, koma madigiri 40 ndi malire amene madokotala amayamba kuopa matenda oopsa a kutentha otchedwa heat stroke.

Matenda a kutentha amabwera mwa masitepe. Poyamba minofu imakokana, makamaka ya m'miyendo. Kenako munthu amafooka, mutu umapweteka, amamva chizungulire ndi nseru, khungu limachita thukuta lozizira. Apa afunika kuleka zimene akuchita, kupita pozizira, kugona atakweza miyendo ndi kumwa madzi pang'onopang'ono. Sitepe yomaliza ndi pamene ubongo wakhudzidwa. Munthu amalankhula zosamveka, amadzandira, amakwiya popanda chifukwa, amakomoka kapena kugwa ngati wakhunyu. Imeneyi ndi ngozi yoika moyo pachiswe. Muchotseni pamalo otentha, mumasuleni zovala, mumuthire madzi ozizira thupi lonse uku mukumukupiza, ndipo muthamangire naye kuchipatala mukupitiriza kumuziziritsa. Wokomoka musamumwetse kanthu. Panado sathandiza pa vuto limeneli, chifukwa kutentha kwake sikofanana ndi kwa malungo.

Palinso ngozi ya mbali inayo. Munthu akataya mchere wambiri m'thukuta n'kumwa madzi okhaokha ochuluka zedi m'nthawi yochepa, mchere wa sodium m'magazi umasungunuka n'kutsika pansi pa muyezo. Zizindikiro zake zimafanana ndi za kutentha, monga mutu, kusanza ndi kusokonezeka, ndipo zikafika poipa ubongo umatupa. Njira yabwino ndi kumwa molingana ndi ludzu, ndi kudya chakudya chokhala ndi mchere pang'ono pambuyo pake. Amene wataya thukuta lambiri zedi angamwe Thanzi ORS.

Kutentha kumachititsanso munthu kumva ngati thupi lafewa kuposa mmene lilili. Amapinda bondo kapena msana kupyola malire, ululu n'kudzaumva mawa lake. Minofu yokokedwa imachira msanga, koma timitsempha tomanga mafupa m'mfundo tikatambasuka kwambiri timachedwa kubwerera.

Pali anthu amene sayenera kulowa m'chipinda chotere popanda chilolezo cha dokotala. Amayi oyembekezera ali patsogolo, chifukwa thupi la mayi likatentha kupyola madigiri 39 m'miyezi yoyambirira, chiopsezo chakuti ubongo ndi msana wa mwana zisaumbike bwino chimakula. Ena ndi odwala mtima, impso, shuga, khunyu, ndi a vuto la kuthamanga kwa magazi, makamaka amene amamwa mankhwala okodzetsa ngati hydrochlorothiazide. Odwala sickle cell apewe, pakuti kuchepa kwa madzi m'thupi kumadzutsa ululu wa matendawa. Aliyense amene thupi latentha ndi malungo, amene akutsegula m'mimba, kapena amene akusala kudya, adikire. Malangizo omwewa ndi othandiza kwa timu ya mpira imene ikusewera masana mu Okutobala, ndi kwa achinyamata a Pathfinder amene akuguba padzuwa.

Nanga chikhulupiriro chathu?

Wa Adventist sangakambe za yoga n'kulumpha funso la chipembedzo. Liwu lakuti yoga ndi la chinenero cha Sanskrit, ndipo limachokera ku tsinde lotanthauza kumanga m'goli kapena kulumikiza. M'buku lakale la Yoga Sutras, lolembedwa ndi Patanjali, yoga ili ndi magawo 8. Kakhalidwe ka thupi ndi gawo lachitatu chabe, ndipo cholinga cha ulendo wonse ndi chauzimu: kutontholetsa maganizo mpaka munthu afike pa chimene amachitcha samadhi. Yoga ya masewera imene yafala lero inaumbidwa makamaka m'zaka za m'ma 1920 ndi 1930 ndi aphunzitsi ngati Krishnamacharya wa ku Mysore, ndipo akatswiri a mbiri aonetsa kuti inatengako zina ku masewera olimbitsa thupi a ku Ulaya. N'chifukwa chake anthu amasiyana maganizo. Ena amati yatsala masewera chabe. Ahindu ambiri amatsutsa zimenezo, amati yoga ndi mbali ya chipembedzo chawo ndipo sitingaidule mizu.

Makalasi nawonso amasiyana. Ena satchula chilichonse chauzimu. Ena amayamba ndi kuimba liwu lakuti Om, limene ndi lopatulika kwa Ahindu, amachita mndandanda wotchedwa kulonjera dzuwa, kapena amaphunzitsa kuti umulungu uli kale m'kati mwa munthu aliyense ndipo ungofunika kudzutsidwa. Apa m'pamene abusa ndi olemba ambiri a mpingo wathu amachenjeza. Kusinkhasinkha kumene Baibulo limaphunzitsa, monga pa Salimo 1 ndi Afilipi 4:8, kumadzaza maganizo ndi mawu ndi ntchito za Mulungu amene ndi Mlengi, wosiyana ndi zolengedwa zake.

Mbiri yathu ili ndi phunziro lofanana. Dokotala John Harvey Kellogg, amene anayamba kutsogolera chipatala cha Battle Creek ku Michigan mu 1876, ankachiza ndi madzi otentha ndi ozizira, masewera olimbitsa thupi ndi zakudya zabwino. Mu 1891 anapanga kabokosi kodzaza mababu a magetsi kotulutsira odwala thukuta. Pa nkhani ya kutentha ngati chithandizo, a Adventist anayamba kale Choudhury asanabadwe. Koma mu 1903 Kellogg anatulutsa buku lotchedwa The Living Temple, limene atsogoleri a mpingo, kuphatikizapo Mayi Ellen White, anaona kuti likusokoneza Mulungu ndi chilengedwe chake. Mu 1907 anachotsedwa mumpingo. Mpingo unasunga chithandizo cha madzi ndi masewera olimbitsa thupi, n'kukana chiphunzitsocho. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere, ndipo makolo athu m'chikhulupiriro anang'amba mkuyuwo asanadye.

Zimene kafukufuku wationetsa zikupeputsa chisankhochi. Ngati phindu lalikulu lili m'kuwongola minofu, kuilimbitsa, kupuma mwakuya ndi kuchita zimenezi mokhazikika, ndiye kuti amene chikumbumtima chake chikumuletsa kulowa m'kalasi ya yoga sakutaya kanthu. Zonsezi angazipeze kwina. Dokotala wa mafizo amaphunzitsa odwala msana kapindidwe kofanana popanda chiphunzitso chilichonse, pakuti kugwira zala za kumapazi si chuma cha chipembedzo china. Ndipo tikapeza mbale kapena mlongo amene waona nkhaniyi mosiyana ndi ife, Aroma 14 akutikumbutsa kukambirana naye mwaulemu. Ulemu womwewo tiupereke kwa anansi athu achihindu.

Zoti tichite

Bungwe la World Health Organization limalangiza munthu wamkulu kuchita masewera apakatikati kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuwonjezapo masiku awiri olimbitsa minofu. Kuyenda ndawala mphindi 30 m'mawa masiku asanu kwakwanitsa kale gawo loyamba. Kunjuta, kudzikankha pansi ndi manja, kutunga madzi ndi kulima zikukwanitsa lachiwiri. Mukamaliza, thupi lidakali lofunda, tengani mphindi 10 kuwongola kumbuyo kwa ntchafu, chiuno, chifuwa ndi mapewa. Malo alionse gwirani kwa masekondi 30 mukupuma modekha, ndipo lekerani pamene mukumva kukoka, ululu usanayambe. Pezani mnzanu wochita naye. Mu kafukufuku yense amene tamuona, opindula anali amene anabwerera sabata ndi sabata. Pang'onopang'ono ndi mtolo.

Amene adzasankhe kuyesa masewera a m'chipinda chotentha, a mtundu uliwonse, ayambe wafunsa zimene zimaphunzitsidwa m'kalasimo ndi mmene chipinda chimatenthera. Amwe madzi okwanira tsiku lonse, asadye chakudya cholemera maola awiri asanalowe, ayambe ndi makalasi aafupi, ndipo akhale pafupi ndi chitseko. Akamva chizungulire atuluke, ngakhale mphunzitsi atanena kuti apirire. Mkodzo ndi muyezo wosavuta: ukakhala woyererako madzi alipo okwanira, ukakhala wachikasu chodera ndiponso wochepa, thupi likupempha madzi.

M'buku la The Ministry of Healing la mu 1905, Mayi White anatchula mankhwala achilengedwe 8, ndipo pakati pawo pali masewera olimbitsa thupi, mpweya wabwino, madzi, kupuma ndi kudziletsa. Kudziletsa timakonda kukutchula pa nkhani ya mowa ndi fodya, koma kumakhudzanso zinthu zabwino zikapyola muyezo. Pa 1 Akorinto 6:19, 20 timaphunzira kuti thupi lathu lili ndi Mwini wake. Kulisiya lingokhala pa mpando mpaka msana utauma ndi kulinyozera, ndipo kulikankhira pa madigiri 40 pofuna kuona thukuta lambiri nakonso si kulisamala. Mawa m'mawa, dzuwa lisanakwere, valani nsapato muyende mphindi 30.

Mafunso okambirana

1. Fotokozani chifukwa chake mtima umagunda kwambiri m'chipinda chotentha ngakhale minofu isakugwira ntchito yaikulu.

2. Kodi kafukufuku wa ku Texas anasiyana bwanji ndi wa ku Boston pa kapangidwe ka magulu? N'chifukwa chiyani kusiyanaku kuli kofunika tikamafunsa za phindu la kutentha?

3. Mnzanu wagwa pabwalo la mpira masana ndipo akulankhula zosamveka. Tchulani zimene mungachite motsatana, ndi zimene simuyenera kuchita.

4. Nkhani ya Kellogg ikutiphunzitsa chiyani pa kusiyanitsa chithandizo cha thupi ndi chiphunzitso chobwera nacho? Kodi pali nthawi imene ziwirizi sizingalekanitsidwe?

5. Lembani ndondomeko yanu ya masewera ya sabata ikubwerayi, ndi dzina la mnzanu amene adzakufunseni Lachisanu ngati mwaikwanitsa.